Kodi za nyenyezi ndi sayansi? Yankho kwa mayi amene mwana wawo wathetsa chibwenzi chifukwa cha horoscope

Mayi ena a ku Zomba afunsa motere. Mwana wawo wamkazi wa zaka 24 wasiyana ndi mnyamata amene anali naye pa chibwenzi zaka ziwiri, chifukwa pulogalamu ya pa foni yamuuza kuti Scorpio ndi Leo sakhalitsa m'banja. Atamudzudzula, mwanayo anayankha kuti zimenezi ndi sayansi, poti pulogalamuyo imawerengera malo enieni amene mapulaneti anali pa ola limene munthu anabadwa. Anatinso ngati asayansi amazikana, n'chifukwa choti sayansi singathe kuyesa chilichonse. Mayiwo akufuna kudziwa ngati mwanayo akunena zoona.

Mayi, m'zimene mwana wanu wanenazi muli mfundo ziwiri zoona, ndipo musazikane mukamakambirana naye, chifukwa mukakana zoonazo sadzakumverani pa zotsalazo. N'zoona kuti malo a mapulaneti amawerengedwa molondola. N'zoonanso kuti pali zinthu zimene sayansi singathe kuziyesa. Koma mawu akuti Scorpio ndi Leo sakhalitsa m'banja sali m'gulu limenelo. Amayeseka, anayesedwa pa mabanja mamiliyoni ambiri, ndipo sanapezeke oona.

Pulogalamu ya pa foniyo imachita ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale imazionetsa ngati imodzi. Yoyamba ndi masamu: mukaipatsa tsiku, ola ndi malo obadwira, imapeza pamene dzuwa, mwezi, Mars, Venus ndi mapulaneti ena zinali. Masamu amenewa ndi a sayansi ya zakuthambo, omwewo amene anathandiza kuneneratu kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene masana Lusaka inachita mdima kwa mphindi zoposa zitatu. Tsiku, ola ndi njira ya mthunziwo zinadziwika zaka zambiri zisanachitike, moti alendo ochokera kutali anasungitsiratu malo ogona. Ntchito yachiwiri ndi kumasulira: kunena kuti poti Mars anali apa, munthuyu ndi waukali, kapena sadzamvana ndi wobadwa mu Ogasiti. Kulondola kwa ntchito yoyamba sikupereka umboni uliwonse kwa yachiwiri. Sikelo ikhoza kukuuzani molondola kuti thumba la chimanga ndi la makilogalamu 50, koma wina akawonjezera kuti thumba lotere limagulidwa ndi anthu ansanje, mawu amenewo sanachokere pa sikelo.

Nanga kumasulirako kunachokera kuti? Zizindikiro 12 za horoscope, monga Scorpio ndi Leo, zimene munthu amapatsidwa potengera tsiku lake lobadwa, zinayambira ku Babulo zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, pamene openda nyenyezi anagawa njira imene dzuwa limaoneka ngati likuyendamo chaka chonse m'zigawo 12 za madigiri 30 chilichonse. Claudius Ptolemy wa ku Alexandria, m'zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa, anasonkhanitsa malamulo omasulirawo m'buku, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwe akugwiritsidwabe ntchito lero. Zimene mwana wanu amawerenga tsiku ndi tsiku, zoti aliyense wa chizindikiro chakuti lero ayembekezere zakuti, n'zatsopano kwambiri: zinafala kuchokera mu 1930, pamene nyuzipepala ya Sunday Express ya ku Britain inapempha R. H. Naylor kuti alembe za nyenyezi za Princess Margaret atangobadwa, owerenga n'kuzikonda.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri okonda horoscope sachidziwa. Dziko likamazungulira limapendama pang'onopang'ono ngati nguli imene yayamba kutopa, ndipo kupendamako kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuti kubwerere pomwe kunayambira. Hipparchus, katswiri wachigiriki wa zakuthambo, anazindikira zimenezi Yesu asanabadwe. Zotsatira zake n'zakuti masiku a zizindikiro amasuntha digiri imodzi pa zaka 72 zilizonse poyerekeza ndi magulu enieni a nyenyezi, ndipo pofika lero asuntha madigiri pafupifupi 24, kungotsala pang'ono kukwana chizindikiro chathunthu. Munthu wobadwa pa 5 Novembala amauzidwa kuti ndi Scorpio, koma tsiku limenelo dzuwa limakhala kutsogolo kwa nyenyezi za Libra. Wobadwa pa 1 Ogasiti amatchedwa Leo dzuwa lili mu Cancer. Kutsogolo kwa nyenyezi zenizeni za Scorpio dzuwa limangokhalako pafupifupi sabata imodzi kumapeto kwa Novembala, kenako n'kulowa m'gulu la Ophiuchus, limene silili n'komwe pa zizindikiro 12 zija.

Openda nyenyezi a ku Ulaya ndi America amayankha kuti iwo satsata nyenyezi zenizenizo koma nyengo za chaka, kuyambira cha pa 20 kapena 21 Malichi pamene usana ndi usiku zimafanana. Yankho limeneli limabala funso lina kwa ife a kumwera kwa dziko. Leo amamutcha chizindikiro cha moto, cha dzuwa lotentha, poti kumpoto kumapeto kwa Julayi ndi Ogasiti kumatentha. Ku Zomba, ku Dedza kapena ku Chipata nthawi imeneyo anthu akuwotha moto ndi kufunda mabulangete awiri. Ngati mphamvu ya chizindikiro ili mu nyengo, mwana wobadwira kuno ayenera kukhala ndi chizindikiro chotembenuka, koma mapulogalamu sachita zimenezo. A ku India nawo amatsata nyenyezi zenizeni, ndiye pa kuwerenga kwawo mwana wanu ndi mnyamata uja mwina si Scorpio ndi Leo n'komwe. Magulu awiriwa amasiyana madigiri 24, koma onse ali ndi makasitomala okhutira.

Kusagwirizana kumeneku pakokha sikutsimikizira kuti onse ndi olakwa. Chotsimikizira ndi kuyesa, ndipo kuyesa kwabwino kumafuna zinthu zingapo. Choyamba, mawu oyesedwawo akhale oti akhoza kupezeka onama: tinene tisanayambe kuti tikaona zakuti, ndiye kuti mawuwo alephera. Chachiwiri, tidziwiretu zimene zingachitike mwamwayi chabe, munthu akungolotera. Chachitatu, woyesa ndi woyesedwa onse asadziwe yankho mpaka pamapeto, kuti chiyembekezo chawo chisalowerere. Ndipo anthu akhale ambiri mokwanira.

Za ukwati ndiye zinayesedwa bwino kwambiri. David Voas, katswiri wa za chiwerengero cha anthu, anatenga kalembera wa 2001 wa ku England ndi Wales, mmene munali masiku obadwa a amuna ndi akazi a m'mabanja oposa 10 miliyoni. Zizindikiro 12 za mwamuna ndi 12 za mkazi zimapanga mitundu 144 ya mabanja. Tikadziwa kuchuluka kwa amuna a Leo ndi kwa akazi a Scorpio, masamu osavuta amatiuza mabanja otere amene tingayembekezere ngati nyenyezi zilibe gawo. Zizindikiro zina zikanakhala kuti zimakokana kapena kukankhana, ngakhale pa banja limodzi mwa 1,000 lililonse, pakanaoneka kusiyana kwa mabanja 10,000. Sipanaoneke. Chimene chinaoneka poyamba n'chakuti mabanja amene mwamuna ndi mkazi anabadwa tsiku limodzi kapena mwezi umodzi anali ochulukirapo pang'ono. Atafufuza, Voas anapeza kuti gwero lake ndi kadzazidwe ka mafomu: wodzaza fomu ya banja lonse nthawi zina ankalemba tsiku lake lobadwa pamalo a mnzakeyo. Zolakwikazo zitachotsedwa, panalibe chotsala. Mu 2020 Jonas Helgertz ndi Kirk Scott anayang'ana kaundula wa boma la Sweden wa zaka za 1968 mpaka 2001, nafunsa funso lenileni la mwana wanu, ngati mabanja amene openda nyenyezi amati sagwirizana amatha kawirikawiri kuposa ena. Sanapeze kusiyana.

Mwana wanu akhoza kunena kuti chizindikiro cha dzuwa chokha, chija chotengera tsiku lobadwa, n'choperewera, kupenda kwenikweni kumafuna tchati chonse chosonyeza malo a mapulaneti pa ola lobadwa. Chimenecho chinayesedwanso, ndipo openda nyenyezi eni ake anathandiza kukonza kayesedwe kake. Shawn Carlson anafalitsa zotsatira m'magazini ya Nature mu Disembala 1985. Openda nyenyezi 28 odziwika bwino, amene anzawo anawavomereza, ankapatsidwa tchati cha munthu amene sanamuonepo, pamodzi ndi mapepala atatu ofotokoza khalidwe, ochokera pa mafunso a akatswiri a za maganizo. Pepala limodzi linali la mwini tchatiyo, awiriwo a anthu ena. Wongolotera amakhoza kamodzi pa katatu. Openda nyenyeziwo ananeneratu kuti iwo adzakhoza theka kapena kuposa. Pa matchati oposa 100, anakhoza pafupifupi kamodzi pa katatu, ndipo pamene ankati ali otsimikiza kwambiri sanachite bwino kuposa pena paliponse.

Kafukufukuyu anali ndi chofooka chake, ndipo n'koyenera kuchinena. Anthu oyesedwawo nawonso ankavutika kuzindikira pepala lofotokoza khalidwe lawo lomwe, zimene zinachititsa ena kufunsa ngati mapepalawo anali muyeso wabwino. Ndi funso lomveka, ndipo yankho lake ndi kuyesanso mwa njira ina. Mu 2008 Alyssa Wyman ndi Stuart Vyse anapatsa ophunzira a ku koleji mapepala awiri a khalidwe ochokera pa mafunso, limodzi lawo lina la wina, ndiponso mapepala awiri ochokera pa matchati a nyenyezi. Ambiri anazindikira pepala lawo la mafunso, koma pa la nyenyezi anachita ngati ongolotera. Geoffrey Dean ndi Ivan Kelly nawo mu 2003 anafotokoza za anthu oposa 2,000 obadwira ku London kumayambiriro kwa Malichi 1958, ambiri a iwo motalikirana mphindi zochepa chabe, amene anatsatiridwa kuyambira ali makanda. Matchati awo ndi ofanana pafupifupi ndendende. Pa zinthu zoposa 100 zimene zinayezedwa, monga nzeru, nkhawa, ukali, ntchito ndi ukwati, sanafanane kuposa anthu ena alionse.

Ndiye n'chifukwa chiyani mwana wanu, amene si wopusa, amawerenga horoscope n'kumva ngati wolembayo akumudziwa? Mu 1948 Bertram Forer anapatsa ophunzira ake 39 mafunso a khalidwe, ndipo patapita sabata anapatsa aliyense pepala, n'kumuuza kuti ndi zotsatira zake. Anawapempha kuti apereke malikesi kuyambira 0 mpaka 5 pa kulondola kwake. Avereji inali 4.3. Kenako anawaululira kuti onse analandira pepala limodzimodzi, lomwe ziganizo zake zambiri anazitola m'kabuku ka nyenyezi kogula pamsewu. Ziganizozo zinali za mtundu uwu: umafuna kuti anthu azikukonda koma umadziweruza wekha kwambiri; nthawi zina umakonda kucheza, nthawi zina umafuna kukhala wekha; uli ndi luso limene sunaligwiritsebe ntchito. Palibe munthu amene mawu otere samukhudza. Pamwamba pa apo, mtima wa munthu umasunga zimene zagwirizana ndi kutaya zimene sizinagwirizane. Horoscope ikati mulandira uthenga wosayembekezereka, mnzanu wakale n'kuimba foni, tsikulo simudzaliiwala. Masiku 20 amene palibe anaimba sawerengedwa.

Zimenezi mukhoza kuziyesa nokha ndi mwana wanuyo, ndipo ndi bwino kuti achite nawo kusiyana n'kungomuuza. Tengani ma horoscope a dzulo a zizindikiro zonse 12 kuchokera pamalo amodzi. A dzulo, osati a lero, kuti anthu akhale atadziwa kale mmene tsiku lawo linayendera. Munthu wina amene sadzafunsa nawo mafunso awalembe papepala limodzi, achotse mayina a zizindikiro ndi mawu alionse owulula monga mkango, nkhanu kapena dzina la pulaneti, awasakanize, n'kuwapatsa manambala 1 mpaka 12. Pepala losonyeza nambala ndi chizindikiro chake aliike mu envulopu n'kumata. Pezani anthu 60 amene sanawerenge horoscope ya dzulo. Aliyense asankhe nambala imodzi yokha imene ikufotokoza bwino dzulo lake, alembe pakapepala pamodzi ndi tsiku lake lobadwa, asakambirane ndi wina. Musanatsegule envulopu, gwirizanani ndi mwanayo, ndipo mulembe, kuti ndi anthu angati okhoza amene adzakhale umboni. Mwamwayi chabe tiyembekezere anthu 5 mwa 60, ndipo kuyambira 1 mpaka 9 si zachilendo. Anthu 10 kapena kuposa amapezeka mwamwayi pafupifupi kamodzi pa maulendo 40, choncho mukafika pamenepo bwerezani ndi anthu ena ndi tsiku lina musananene kanthu. Ma horoscope akanakhala olondola monga mmene amamvekera, okhoza akanakhala 30 kapena 40.

Kuyesa kotere kumawonongeka m'njira zodziwika. Wofunsa akadziwa yankho, nkhope yake kapena mawu ake amalozera. Mukalola munthu kusankha manambala awiri kapena atatu, mwayi wokhoza umakwera ndipo nambala 5 ija siigwiranso ntchito. Mukayesa anthu 12 okha, awiri kapena atatu akhoza kulondola mwamwayi ndipo mudzaganiza kuti mwapeza kanthu. Mukagwiritsa ntchito mafotokozedwe a khalidwe m'malo mwa zochitika za tsiku, anthu odziwa kale kuti Leo amati ndi wonyada adzasankha limenelo chifukwa analiwerenga kale. Vuto lomalizali linasokonezapo ngakhale akatswiri. Mu 1978 kafukufuku wina amene Hans Eysenck, katswiri wa za maganizo, anachita nawo anaonetsa ngati zizindikiro zina zili ndi anthu ochezeka kuposa zina. Ambiri mwa oyankhawo anali okonda za nyenyezi. Atayesa ana ndi anthu osadziwa zimene zizindikiro zawo zimatanthauza, kusiyanako kunazimiririka.

Mukamva kuti kafukufuku wina wapeza kuti obadwa mwezi wakuti amadwala nthenda yakuti, funsani kaye kuti anayerekeza zinthu zingati. Mu 2006 Peter Austin ndi anzake anatenga kaundula wa zipatala wa anthu oposa 10 miliyoni a ku Ontario, Canada, n'kuyerekeza zizindikiro 12 ndi matenda oposa 200. Zinaoneka ngati a Leo amagonekedwa kwambiri ndi kutaya magazi m'mimba, a Sagittarius ndi kuthyoka fupa la mkono. Iwo anachita zimenezi dala pofuna kuchenjeza madokotala anzawo: ukayerekeza zinthu masauzande, zina zimaoneka zogwirizana mwamwayi, ndipo masamu ataganizira kuchuluka kwa zoyerekezazo, zonse zinatha. Kafukufuku wamkulu wa 1988 wa aspirin pa odwala mtima oposa 17,000, wotchedwa ISIS-2, anachitanso chimodzimodzi. Mankhwalawo anapulumutsa miyoyo moonekeratu, koma ofufuzawo atagawa odwala mwa zizindikiro, a Gemini ndi Libra anaoneka ngati sanathandizidwe. Anaziika mu lipoti lawo kuti owerenga aone mmene kugawagawa anthu m'timagulu kumanamizira.

Musaganize kuti asayansi amakana chinthu chifukwa choti mwatchulidwa nyenyezi kapena mwezi. Asodzi a usipa pa Nyanja ya Malawi amadziwa kuti mwezi ukawala kwambiri nsomba sizisonkhana bwino pa nyali zawo, ndipo chifukwa chake n'chomveka: kuwala kwa mwezi kumapikisana ndi kwa nyali. Alimi a mbatata za kachewere m'mapiri a Andes ku Peru ndi Bolivia amakwera phiri m'bandakucha chakumapeto kwa Juni kukayang'ana gulu la nyenyezi limene Baibulo lathu limalitcha Nsangwe. Zikaoneka zambiri ndi zowala amabzala pa nthawi yake, zikaoneka zochepa ndi zofooka amachedwetsa, poyembekezera mvula yochepa. Benjamin Orlove, John Chiang ndi Mark Cane anayesa mwambo umenewu, n'kufalitsa mu Nature mu 2000 kuti umathandizadi. M'zaka za El Niño, mitambo yopyapyala ya m'mwamba kwambiri, yosaoneka ndi maso, imaphimba pang'ono nyenyezizo, ndipo El Niño yemweyo amachepetsa mvula kumeneko miyezi ingapo pambuyo pake. Nzeru za makolo izi zinanena chinthu chenicheni, zinayesedwa, zinapambana. Ngakhale mwezi wobadwa umakhudza moyo nthawi zina. Kafukufuku wa 1997 wa m'midzi ya ku Gambia anapeza kuti obadwa m'nyengo ya njala ankamwalira ali achinyamata kawirikawiri kuposa obadwa nthawi yokolola, ngakhale kafukufuku wofanana ku Senegal sanapeze zomwezo. Pamene kusiyana kotere kulipo, kumatsata nkhokwe, udzudzu ndi mvula za dera limenelo, ndipo n'chifukwa chake miyezi yake imasiyana dziko ndi dziko.

Tsopano mfundo yachiwiri ya mwana wanu, ya malire a sayansi. Iyi ndi yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa ngakhale otsutsa za nyenyezi amalakwitsapo.

Ambiri amati za nyenyezi n'zabodza chifukwa palibe mphamvu yodziwika imene Mars angakhudzire nayo khanda. N'zoona kuti mphamvu yokoka ya Mars, ngakhale atayandikira mpaka makilomita 56 miliyoni, imaposedwa pafupifupi kanayi ndi ya mzamba wa makilogalamu 70 amene waima masentimita 30 kuchokera pa mwanayo. Koma kusadziwa mmene chinthu chimagwirira ntchito si umboni woti sichigwira. Aspirin anayamba kugulitsidwa mu 1899, ndipo mmene amathetsera ululu zinadziwika mu 1971 kudzera mwa John Vane. Alfred Wegener ananena mu 1912 kuti makontinenti amasuntha, anthu n'kumukana kwa zaka pafupifupi 50 chifukwa sanathe kufotokoza chowasuntha. Openda nyenyezi aja akanakhoza matchati 70 mwa 100, asayansi akanayenera kuvomereza kaye n'kufufuza chifukwa chake pambuyo. Vuto la za nyenyezi n'lakuti palibe chooneka choti chifotokozedwe.

Malire ena ndi akuti kulephera kamodzi sikugwetsa chiphunzitso, ngakhale mu sayansi yeniyeni. Karl Popper, katswiri wa filosofi ya sayansi, anaphunzitsa kuti chizindikiro cha sayansi ndi kudziika pachiswe, kunena chinthu chimene chikapanda kuchitika walephera, monga mmene Einstein ananeneratu kuti kuwala kwa nyenyezi kudzapindika podutsa pafupi ndi dzuwa, n'kuyesedwa pa kadamsana wa 29 Meyi 1919. Koma Thomas Kuhn ndi ena anaona kuti zimenezi sizikwanira. Pulaneti la Uranus litapezeka mu 1781, linayamba kuyenda mosemphana pang'ono ndi masamu a Newton. Asayansi sanataye Newton. Urbain Le Verrier anati payenera kukhala pulaneti lina losaoneka limene likulikoka, anawerengera pamene lingakhale, ndipo mu Seputembala 1846 Johann Galle ku Berlin analozetsa telesikopu pamenepo n'kupeza Neptune usiku womwewo, osakwana digiri imodzi kuchokera pomwe ananena. Mercury nayenso atasemphana ndi masamu, Le Verrier anagwiritsa ntchito njira yomweyo n'kuneneratu pulaneti lina, Vulcan. Analisaka zaka zambiri osalipeza, mpaka mu 1915 Einstein anaonetsa kuti apa masamu a Newton ndiwo anaperewera. Onani kuti pa nkhani ziwirizi chowiringulacho chinali choyeseka: pulaneti lili apa, kayang'aneni. Kamodzi linapezeka, kamodzi silinapezeke, ndipo maulendo onse awiri sayansi inasintha.

Yerekezani ndi zimene zimachitika wopenda nyenyezi akalephera. Amati ola lobadwa silinalembedwe bwino, kapena pulaneti lina linafooketsa linzake, kapena nyenyezi zimangokankhira koma sizikakamiza. Chowiringula choyamba chili ndi maziko, poti chizindikiro chimene chikutuluka kum'mawa, chomwe tchati chimadaliranso, chimasuntha digiri imodzi pa mphindi zinayi zilizonse ndipo chimasinthiratu pa maola pafupifupi awiri, pamene ola la pa khadi la kuchipatala nthawi zambiri limakhala longoyandikira. Koma ngati zili choncho, tchati cha kasitomala amene wakhutira nachonso chili ndi vuto lomwelo, ndipo palibe amene amachikayikira. Chowiringula chomalizacho chimachotseratu nkhaniyo pa bwalo loyesera: banja likatha, nyenyezi zinanena, likakhalitsa, anthuwo anagonjetsa nyenyezi. Mawu ogwirizana ndi chilichonse chimene chingachitike sakuuzani kanthu za mawa. Uranus, Neptune ndi Pluto wa mu 1930 zitapezeka, openda nyenyezi anazilowetsa m'matchati n'kuzipatsa matanthauzo, makamaka potengera nthano za milungu imene mayinawo anachokera.  Paul Thagard, katswiri winanso wa filosofi ya sayansi, mu 1978 anaika chala pamenepa: chiphunzitso chimatuluka mu sayansi pamene chili ndi mavuto ambiri osathetsedwa, sichikupita patsogolo, ndipo eni ake sakuyesetsa kuchiyesa kapena kuchikonza. Ndikuona kuti muyeso umenewu ndiwo wolondola kuposa yonse pa nkhaniyi.

Sayansi singathenso kutsimikizira kuti chinthu kulibiretu. Imangonena kuti ngati chilipo, kukula kwake sikuposa pakuti. Kafukufuku wa mabanja 10 miliyoni uja sakutsekera mphamvu yokhudza banja limodzi mwa miliyoni. Koma pulogalamu ya pa foni sinauze mwana wanu za mphamvu yaing'ono motero. Inamuuza kuti ndi yaikulu moti asiye munthu amene wamudziwa zaka ziwiri, ndipo mphamvu ya msinkhu umenewo ikanaonekera ngakhale pa mabanja 1,000 okha.

Kenako pali zimene zili kunja kwenikweni kwa sikelo ya sayansi. Ngati munthu ayenera kukhululukira mnzake, ngati moyo uli ndi cholinga, ngati Mulungu amamva pemphero la mumtima, amenewa si mafunso oti muwayankhe ndi envulopu ndi anthu 60. Munthu akati kuwerenga za chizindikiro chake kumamupatsa mpata woganizira khalidwe lake, palibe choyesa pamenepo, ndipo mwina n'zoonadi kwa iye, monga mmene mwambi kapena nthano imathandizira munthu kudziona. Zikatero phindulo likuchokera mwa iye mwini ndi m'mawu olembedwa mwaluso, ndipo akanalipezanso atawerenga za chizindikiro cha wina. Malire amadutsidwa pamene mawu asanduka onena za dziko looneka: awa sadzakhalitsa, usasaine pangano sabata ino poti Mercury akubwerera m'mbuyo, usapite kuchipatala lero. Za Mercury zimenezi, pulanetilo silibwerera m'mbuyo. Katatu kapena kanayi pa chaka, kwa milungu pafupifupi itatu, limangooneka choncho pamene likudutsa pakati pa ife ndi dzuwa, chifukwa tikuliyang'ana tili pa dziko limene nalonso likuyenda, monga mmene lole imaonekera ngati ikubwerera basi yanu ikamaipitirira.

Pokambirana ndi mwana wanu, Mayi, ndikupempha kuti musayambe ndi zaka ndi mayina onsewa. Mufunseni kaye ngati panalibe china chimene chinkamuvuta pa mnyamatayo. Si zachilendo kuti munthu akhale ndi chikayiko chimene sakutha kuchitchula, horoscope n'kumupatsa mawu ochinenera, ndipo ngati zili choncho chikayikocho n'chimene chiyenera kumvedwa. Ngati panalibe china, mufunseni kuti ndi zotsatira ziti zimene zingamuchititse kuvomereza kuti pulogalamuyo yalakwitsa. Akati palibe, ndiye kuti iye mwini waichotsa m'gulu la sayansi. Akatchula nambala, lembani nonse papepala, kenako muyambe ndi mabanja amene mumawadziwa kumpingo, kuntchito ndi kumudzi: 40 amene akhala zaka zoposa 20, ndi 40 amene anatha. Wina alembe masiku obadwa okha popanda mayina, awasakanize, ndipo mwanayo agwiritse ntchito pulogalamu yakeyo kugawa mabanja 80 amenewa m'magulu awiri ofanana, okhalitsa ndi otha. Wongolotera amakhoza pafupifupi 40, ndipo chilichonse pakati pa 32 ndi 48 chikhoza kubwera mwamwayi.